Vanishi pa Kabokosi ka Nambewe

Lolemba

Loweruka likudzali akundisudzula. A Gibisoni, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Nambewe, abwera m'mawa kudzandikumbutsa, ngati kuti munthu angaiwale. Chaka chakwana. Adzayala mphasa pabwalo, adzaikapo katundu yense wa malemu, akuchikazi adzagawana, kenako adzandiuza kuti ndine womasuka, kaya ndibwerera kwathu ku Kabudula kaya ndikhala konkuno. "Chilichonse chimene chinali cha mlongo wathu chituluke, alamu, ngakhale singano," atero a Gibisoni. Ndavomera ndi mutu.

Singano ituluka. Vuto ndi kabokosi.

Ndi kabokosi ka thabwa, kukula kwake ngati baibulo la paguwa. Bambo ake a Nambewe ankaphikira mzungu pa esiteti ya fodya cha ku Mchinji. Mzunguyo atamaliza ndudu zake zonenepa zija anakataya, iwo n'kutola. Pamene ndinkalowa chikamwini m'mudzi muno ndinamupeza nako kale Nambewe, akusungamo ulusi, masingano, mabatani ndi sizasi. Pa chivindikiro pali chithunzi cha kavalo wofiira. Pakona ya kumanja pali malo akuda, osalala, owala, pomwe chala chake chachikulu chinkakankha potsegula. Malo amenewo sindifuna apite kunyumba ya munthu wina.

Zimene ndinachita mwezi watha, kuseri kwa chigafa cha fodya:
- kukhuthulira zosokera zonse m'chitini cha mkaka
- kuboola chivindikiro, pansi pa mimba ya kavalo
- kuikapo khosi la mlombwa
- kukunga mawaya a buleki ya njinga
- kukhomera chivindikiro ndi timisomali

Tsopano ndi banjo. Ndinaganiza chonchi: kabokosi ka zosokera n'ka mkazi, kapita kuchikazi. Banjo ndi ya mwamuna. Palibe amene anaonapo banjo pa mphasa ya kusudzula. Ndinafika Fomu 2, ndipo nzeru zonse za sukulu zathera pamenepa.

Kubisa sindingathe, poti Lachisanu amayi a m'mudzi adzatulutsa zonse m'nyumba muno kuti asese ndi kuzira. Iyenera kupachikidwa poyera ngati banjo wamba. Koma kavalo uja aliyense m'mudzi muno akumudziwa. Ayenera kuphimbika.

Masana ndapalasa njinga kupita ku Namitete kwa a Layisoni, kalipentala. Ndati ndikufuna chopaka pa kampando. Sindinazolowere kunama, mawu atuluka opyapyala. Andipatsa vanishi wotsala pansi pa chitini, wolimba ngati uchi wa chaka chatha. "Mupake mopyapyala, musiye aume, mubwereze. Osathamanga, madala."

Burashi ndilibe. Ndamanga nthenga za nkhuku. Ndapaka mochindikala, poti cholinga ndi kubisa.

Vanishi ndi woonekera mkati! Palibe amene anandiuza! Kavalo sanawalepo chonchi chibadwire. Akuoneka ngati wangotuluka mumtsinje.

Lachiwiri

Sanaume. Ndakhudza ndi chala, chala chatsalira pomwepo.

Ndaika banjo padzuwa kuseri kwa chigafa, pamwamba pa mtondo wovundikira. Ndaiwala kuti ino ndi nyengo ya mphepo, ndiponso kuti kwa a Gibisoni akupeta chimanga cha thobwa la Loweruka.

Zimene zamatirira pofika masana:
- mankhusu
- fumbi la msewu wonse
- nthenga, zina za burashi yanga, zina za nkhuku zamoyo
- ntchentche zambiri, zina zikadapalasa miyendo
- chiwala chimodzi, chachikulu, chondiyang'ana

Kavalo akuonekabe. Ali ngati wavala bulangete.

Ndili chiweramire kuzula ntchentche ndi minga, ndamva "Odi, alamu!" Ndi a Eneresi, mng'ono wake wa Nambewe, atanyamula mbatata yophika. Chichokereni malemu sanaphonyepo kundibweretsera kanthu Lachiwiri. Ndatola nsalu imene inali pafupi n'kuvundikira msangamsanga. Ndi nsalu ya kampeni imene Nambewe analandira pa chisankho china, yokhala ndi nkhope ya bambo uja anapikisana pa uphungu n'kugwa. Ankapukutira mbale. Yatha, yapyapyala.

"Alamu, kabokosi ka akulu anga kaja kali pati? Ndimafuna ndikaone Loweruka lisanafike."

Ndati ndikufunafuna. Ndanena nditaima pakati pa iwo ndi mtondo, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pa asembule. Ayang'ana nsalu, ayang'ana ine. "Mukakapeza mundiuze." Asiya mbatata, apita.

Mbatata sinatsike bwino. Munthu wakudyetsa chaka chathunthu, iwe n'kumunamiza uli ndi nthenga pa chala.

Madzulo ndati ndichotse nsalu. Yakana. Ndakoka pang'ono, yakana. Ndakoka kwambiri, yang'ambika. Pa banjo patsala chigamba: pakamwa pa bambo wa uphungu uja, mano onse panja, akumwetulira pamwamba pa msana wa kavalo. Maso atsalira m'manja mwanga.

Nambewe akanaseka mpaka kukhala pansi. Pamene ndinkamufunsira ndinali ndi banjo ya chigubu cha oyilo, ndinkaimba pansi pa mtengo wa mango wa kwawo. Anati ndimaimba ngati mbuzi yoiwalidwa pachingwe. Anandilolabe.

Lachitatu

Ndaimbira foni a Layisoni. Ndati kampando kavuta. Afunsa ngati ndinapaka mopyapyala. Ndati foni ikudukaduka.

Akuti chochotsera vanishi chenicheni chatha pa Namitete ponse, mpaka wina apite ku tauni. Palafini ndayesa kale, wangonyowetsa mano a bambo uja. "Ndiye yesani kachasu, koma wa mutu, woyamba kudontha uja. Amafewetsa." Anena mosavuta, ngati akunena za mchere.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Chaka chatha chomwechi ndinakhala nawo pa bwalo limene linaimitsa anthu pa mgonero chifukwa cha mowa. Kutuma munthu sindingathe, afunsa. Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Kenako ndatenga kabotolo ka mankhwala a chifuwa a Nambewe, ndakaika m'chikwama chimene ndimanyamuliramo buku la nyimbo, poti china ndilibe, n'kudzera njira ya kudambo kupita kumene amatcheza kachasu.

Ndimayesa m'mawa kukakhala kopanda anthu. Kuli anthu! Sagwira ntchito anthu amenewa? Woyamba kundiona ndi a Fulaye, mmodzi wa amene tinawaimitsa aja. Aimirira, avula chipewa. "Apatseni mpando akuluakulu! Ndinkadziwa ine kuti tsiku lina tidzapemphera limodzi!"

Ndauza mayi wotcheza kuti ndi wopakira thabwa. Andiyang'ana mwachifundo. "Musadzivutitse kufotokoza, abambo. Umasiye ndi wowawa." Adzaza mpaka pakamwa, akana kulandira kanthu, ati ndi chipepeso chawo. Chivindikiro cha botolo chinasowa kalekale, ndiye atseka ndi chisononkho.

Chisononkho chimadontha.

Pa mlatho wa mitengo ndakumana ndi mayi Nasimango, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, akuchokera kudimba. Pa mlatho umenewu sapatukirana. Tapatsana moni wonse, wa ana, wa mbuzi, wa chifuwa chawo, uku chikwama chikudontha pa nsapato yanga. Mphuno zawo zagwira ntchito.

"Ndi wopakira thabwa, mayi."

"Malemu amuna anga ankati ndi wa dzino," atero, n'kudutsa cham'mbali.

Kunyumba ndatseka chitseko, ndanyowetsa kansalu, ndapukuta. Vanishi wafewa, zoona. Mano a bambo uja achoka. Koma pamwamba ponse pasanduka phala loyera, lomata, ngati madzi otsukira mpunga atauma. Pansi pake kavalo akusuzumira ngati ali mu nkhungu ya mu Juni.

Nyumba ya Nambewe ikununkha ngati kwa mayi uja. Ndatsegula mawindo. Ndatsekanso, poti fungo likupita kwa a Gibisoni.

Lachinayi

Ndasiya za mankhwala. Ndaswa botolo lija, ndatenga chibenthu chakuthwa, ndipale ngati mmene timapalira mpini wa khasu.

Poyamba ndamata pulasitala pakona ya chala cha Nambewe. Pamenepo pokha pasakhudzidwe.

Kupala kwanditengera m'mawa wonse. Phala lachoka, vanishi wachoka. Kavalo wayamba ndi miyendo, kenako mchira, kenako mutu. Sindimayembekeza kuti ndimva chisoni ndi kavalo. Tadala, mwana wathu, ali wamng'ono ankamupatsa madeya kuti adye.

Thabwa latuluka loyera, lofewa, lonunkhira fodya wakalekale. Loyera kwambiri. Aliyense angafunse kuti thabwa lotere ndalitenga kuti. Lifunika lide.

Polishi wa nsapato! Bwanji sindinaganize Lolemba? Alipo wakuda, m'kachitini kamene Nambewe anandigulira. Ndapaka, ndakwecha ndi sokosi. Zakongola! Yada bii, ikuwala ngati wailesi yatsopano. Ngakhale mzungu wa ndudu uja sangaizindikire. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndadya bwino.

Masana kwabwera uthenga pa foni: akulu anzanga awiri akumpingo, a Binisoni ndi mnzawo, akubwera "kudzandizonda". Sindikudwala. Ndamva tanthauzo lake. Ndasamba, ndavala shati yoyera imene ndinasitira mwambo wa Loweruka, kuti andipeze ndili munthu.

Achedwa. Podikira ndati ndingoyesa kamodzi kuti ndimve ngati polishi wasintha mawu. Ndaikhazika pamimba, ndaimba vesi imodzi ya nyimbo imene Nambewe ankaikonda pochapa. Chapansipansi.

"Odi kuno!"

Banjo pansi pa bedi. Ndatuluka ndikumwetulira, manja kutsogolo. Manja akuda! Ndayang'ana pamimba: chibokosi chakuda, makona anayi, chodindidwa bwinobwino pa shati.

Sanafunse za shati. Zikanakhala bwino akanafunsa. Alowa, akhala, anunkhiza. A Binisoni akhosomola kawiri. Ayamba ndi za mitengo ya fodya chaka chino, adutsa pa za denga la tchalitchi, afika. "Abale akudandaula. Akuti munaoneka kutsidya kwa dambo ndi chikwama cha Mulungu."

Chowonadi chinali pansi pa bedi, pafupi ndi chidendene cha a Binisoni. Ndikanangowerama, n'kuitulutsa, nkhani ya mowa ikanathera pomwepo. Koma akazi a a Binisoni ndi msuweni wa a Gibisoni. Dzuwa lisanalowe kabokosi kakanakhala kali pa mphasa.

Banjo ndaisiya komweko.

Apemphera motalika, mosinthana, za mbale wathu amene chisoni chamugwetsa m'dzenje. Ndayankha Amen. Ndikanatani? Potuluka andigwira chanza mwachikondi, ndipo onse awiri apita ndi manja akuda.

Lachisanu

Polishi sauma. Pansi pa bedi wadetsa mphasa, wadetsa bulangete. Chilichonse chimene banjo yakhudza chikuchitira umboni. Achoke.

Ndalawirira kuchigafa amayi osesa asanafike. Chibenthu cha botolo chija. Thabwa layamba kupyapyala, ndikadina likuvomera.

Ndamatula pulasitala. Polishi analowa pansi pake, wadetsa m'mbali mwa malo a chala. Ndati ndingochotsa m'mbalimo, mopepuka, kamodzi kokha.

Kamodzi kokha.

Payera.

Ndimayesa kuti chalacho chinalowa mkati mwa thabwa. Zaka zonse zija, m'mawa ndi madzulo, mayunifolomu a Tadala, makolala anga otembenuza, zigamba za matumba a fodya. Ndimayesa n'chakuya. Chinali chopyapyala ngati khoko la anyezi. Chagwa pa bondo langa ngati kafumbi, mphepo n'kutenga.

Ndakhala pamenepo. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Amayi afika, ndikuwamva akutulutsa mipando, akuseka, wina akuti, "Tsegulani mawindo, anthuni, tingaledzere." A Eneresi sanaseke nawo. Mawu awo ndimawadziwa.

Ntchito iyenera kutha basi, poti ndafika nayo kale apa. Ndakumbukira mmene mthiko wa Nambewe unadera ndi mafuta ndi utsi. Ndakanda mwaye kudenga la khitchini, ndasakaniza ndi mafuta a mtedza, ndapaka. Thabwa lamwa ngati linali ndi ludzu. Mtundu wake si woipa, wofiirira ngati fodya wochita bwino. Ikununkhira ngati chiponde. Ndaiika pamwamba pa mitengo yoyanikapo fodya m'chigafa kuti igone pamenepo. Mawa m'mawa ndiipachika pakhoma, ndipo wofunsa ndidzamuuza kuti ndi yakale.

Tadala watsika minibasi madzulo kuchokera ku Msundwe, mwana kumsana. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ababa, ku Msundwe akuti munagula chigubu chathunthu."

Kanali kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Kakula m'njira.

"Akuti munavina ndi a Fulaye."

Ndati sindinamwe. Wandinunkhiza ngati mmene amake ankanunkhizira mkaka. "Nanga bwanji mukununkha mtedza?" Ndati ndi nkhani yaitali. Walira pang'ono, wati amayi akanakhalapo sizikanafika apa. Pamenepo wanena zoona.

Shati yanyikidwa m'madzi a sopo. Chibokosi chija chikadalipo, changotuwa.

Loweruka

M'mawa sindinathe kupita kuchigafa. Alendo anayamba kufika kusanache bwino, abale anga a ku Kabudula pa njinga, aliyense wofuna moni wake. Ndavala jekete pamwamba pa shati yonyowa, mabatani onse otseka, dzuwa likuswa mtengo.

Mphasa yayalidwa. Nsalu zake, madiresi, nsapato za kumgonero, mapoto, lichero, ambulera. Sindimadziwa kuti munthu amakwana pa mphasa imodzi. Ndabweretsa chitini cha mkaka, ndachiika kumapeto. Singano iliyonse ilimo.

A Gibisoni alankhula bwino. Ati ndinasunga mlongo wawo mwaulemu, ndinamudwazika mpaka tsiku lomaliza, mudzi ulibe nane mlandu. Ena ayang'ana pansi. Mayi Nasimango ayang'ana kumwamba.

Kenako a Eneresi atsegula chitini, ayang'anamo. "Zosokera ndi izi. Nanga kabokosi, alamu?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kanasowa.

Ndisanalankhule, kwamveka kulira kwa waya. Nting'! Kuchokera kuseri kwa chigafa. Nting', nting', khwee! Kukuyandikira.

Galu wa a Gibisoni. Akuyenda chambuyo, akukoka banjo pa khosi, ikudumpha pa mizere ya mbatata, ikudziimba yokha. Makoswe anaigwetsa usiku, anadya kona imodzi. Nyerere zadzaza mkati, zikutuluka pa bowo ngati anthu akuweruka ku tchalitchi. Galu wafika nayo pakati penipeni pa bwalo, wagona, waigwira ndi miyendo yakutsogolo, wayamba kunyambita.

Palibe amene anaseka msanga. Anayamba ndi mbale wanga wa ku Kabudula, amene sadziwa kudzigwira.

A Eneresi athamangitsa galu, atola banjo, aigwedeza kuti nyerere zigwe. Sanayang'ane n'komwe pamwamba. Aitembenuza, aona kumbuyo pomwe Nambewe anasokerera chivindikiro ndi kachikopa ka lilime la nsapato, mahinjesi atathyoka. Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi kavalo, kachikopa sindinakaganizire.

Ndaimirira. Ndati, "Ndi kameneko. Ndinakatenga ine. Kachasu uja ndinagulira komweko." Ndavula jekete kuti aone shati, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndimafuna zonse zithere limodzi.

A Eneresi apukuta manja pa chitenje. Alankhula motsitsa, koma bwalo lonse lamva.

"Alamu, akulu anga ananena ali m'chipatala, ine ndi achimwene a Gibisoni tili pomwepo. Anati zosokera zikhale zanga, kabokosi kakhale ka inu, poti mumakonda kukayang'ana iwo akamasoka. Timafuna tikupatseni lero pamaso pa anthu. Lachiwiri lija ndimafuna ndikayeze, ndikasokere kathumba."

Atulutsa kathumbako m'chikwama. Anasoka mongoyerekeza, ndi nsalu ya diresi la Nambewe la maluwa obiriwira. Kathumba ka makona anayi, kokhala ndi batani. Kopanda potulukira khosi la banjo.

A Gibisoni akanda mutu. "Kuimbako timakumvani, alamu, mwezi wonse kuseri kwa chigafa. Timati ndi chigubu. Tinauzana kuti tisakufunseni, mungachite manyazi."

Ndikanapirira zonsezi. Koma a Eneresi atembenuzanso banjo, ayendetsa chala chawo pakona ya kumanja, abwereza, ayang'anitsitsa.

"Nanga chala chawo chija chili kuti?"

Aona nkhope yanga, sanafunsenso. Andipatsa banjo ndi manja awiri, atagwada, monga mwa mwambo, kathumba pamwamba pake. Ndalandira ndi manja awiri. Nyerere zandikwera m'mikono.

Zotsalazo ndazimva ngati zikuchitikira kutali. Ndine womasuka. Nyumba ndi munda ndi za Tadala, koma ati ndikhale ngati ndifuna, mudzi unandizolowera. Thobwa linali labwino, akutero.

A Fulaye, amene sanaitanidwe, andipeza pa mtsuko wa thobwa. "Ndiye simunamwedi? Wa mutu weniweni, munathira pa thabwa?" Achoka akupukusa mutu. Pa anthu onse a lero, amene ndawakhumudwitsa kwambiri ndi iwowa.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndavala shati yabuluu. Ulaliki unali wa kuledzera. Unakonzedwa Lachinayi, ndipo mlaliki sanafune kuutaya. Pakati pake wanena kuti sakunena munthu aliyense, mpingo wonse n'kutembenuka kundiyang'ana.

Pakhomo a Binisoni ati nkhani ya mowa yatha, koma ya bodza tidzakambirana. N'zoyenera. Mayi Nasimango andipatsa moni wonse, kenako ati amayi akufuna woimbira pa msonkhano wawo wa mwezi wamawa, "poti chipangizo chilipo." Sindikudziwa ngati ndi chikhululuko kapena chilango.

Tadala wabwerera ku Msundwe. Akuti akakonza mbiri yanga kumeneko, koma sakulonjeza, poti ya chigubu ija anthu aikonda. A Eneresi atenga kathumba kuti akaboole potulukira khosi. Ati Lachiwiri abwera ndi mbatata monga mwa masiku onse. Ndikanakonda akanandikalipira.

Za ku Kabudula sindinaganize. Fodya wa chaka chamawa afuna nazale mwezi uno.

Masana ndakhala kuseri kwa chigafa. Ndatsuka banjo ndi kansalu ka madzi ofunda, ndaiyanika pamthunzi, ine ndili pambali ndi ndodo chifukwa cha galu. Mmene ilili tsopano:
- kavalo palibe
- kona imodzi ya makoswe
- mano a galu pa khosi
- mawanga a mwaye amene sadzachoka
- fungo la mtedza, polishi, ndi kachasu pang'ono

Sindipakanso kanthu. A Layisoni atumiza uthenga kuti vanishi watsopano wafika, kodi kampando kali bwanji. Sindinayankhe.

Ndaimba vesi ija. Ikulira mokweza kuposa kale, poti thabwa lapyapyala. Mawu a woimba sanasinthe. Mbuzi ya kwa a Gibisoni yayankha.

Kenako ndazula timisomali tija, ndamasula mawaya pang'ono, kuti chivindikiro chizitseguka monga kale. Mkati simunafike vanishi, polishi kapena mafuta. Mukadali fungo lake, ndi kaulusi kofiira kamene kanakodwa pa mng'alu. Ndakasiya.

Potseka ndaona kuti chala changa chagwera pakona pomwe paja. Palibe pena pogwira, kabokosi kanapangidwa choncho. Ndatsegula, ndatseka. Ndatsegulanso, ndatseka.

Nambewe zinamutengera ukwati wonse kuti pade. Ndayang'ana pakonapo. Pakadali poyera.